Matabwa a Mukusi ndi Mawondo a Amayi

Amayi anagwa Lachitatu lina m'mawa, mwezi wa February, mvula ili pachimake. Ankachokera kuchipinda kwawo kupita kukhitchini pamene ndodo yawo inakodwa pa kathabwa kamene kanali katatukuka pakolido. Mwamwayi sanathyoke fupa, anangotupa dzanja ndi kumva kupweteka m'chiuno kwa milungu iwiri. Madzulo ake mlongo wanga, amene amakhala nawo m'nyumba ya makolo athu ku Kabwe, anandiimbira foni ku Lusaka. Moni anaudula pakati. "Alongo, matabwa anu aja atsala pang'ono kutiphera amayi. Tizule onse, tiike matailosi."

Mawu akuti "anu" aja anandikhala pamtima usiku wonse. Nyumbayo ndi ya tonse, ndipo matabwawo sindinayale ndine, koma mlongo wanga sananame. Kawiri konse m'mbuyomo iye anabweretsa nkhani ya matailosi, ndipo kawiri konse amene anakana ndine. Tsopano ndinafunika kuyankha funso limene ndinkalizemba: kodi chinthu chakale, chabwino, chimene chatumikira banja zaka zambiri, tili nacho ngongole yanji chikayamba kuvutitsa anthu amoyo?

Ndifotokoze kaye za matabwawo, poti ambiri amene anakulira m'nyumba zozira kapena za simenti sanawapondepo. Ndi tizidutswa ta mtengo weniweni, kalikonse kotalika masentimita pafupifupi 23, m'lifupi 7, kukhuthala kwake 2. Amisiri amati parquet. Omanga nyumbayo anayala tizidutswato pamwamba pa simenti mwa malukidwe onga a lichero, n'kumata ndi phula lakuda ngati la mumsewu. M'nyumba mwathu munali matabwa otere oposa 4,000, kuyambira pabalaza, podyera, pakolido mpaka m'zipinda zogona.

Mtengo wake ndi mukusi, dzina lachilozi. Azungu ankautcha Rhodesian teak, masiku ano ena amati Zambezi teak, ndipo akatswiri a zomera amati Baikiaea plurijuga. Ku Kabwe sumera, ngakhalenso kwathu ku Katete. Umakonda mchenga wakuya wa Kalahari: kumadzulo kwa Zambia cha ku Sesheke ndi Mulobezi, kumpoto chakumadzulo kwa Zimbabwe, ndi mbali zina za Botswana, Namibia ndi Angola. Mtima wake ndi wofiirira, wolemera, wolimba, ndipo chiswe sichiukonda. N'chifukwa chake atsamunda anaufuna kwambiri popanga mitanda yogonekapo njanji, mafelemu a zitseko ndi matabwa oyala pansi. Kampani ya Zambezi Sawmills ya ku Livingstone inayamba kumanga njanji yakeyake m'zaka za m'ma 1920, imene inakafika ku Mulobezi, mtunda woposa makilomita 160, kuti izitutira mitengo imeneyi kuchokera m'nkhalango.

Nyumba yathu inamangidwa m'nthawi imeneyo ya atsamunda, Kabwe akutchedwa Broken Hill, ndipo inamangidwira azungu ogwira ntchito m'boma. Atate, amene anali mphunzitsi, anapatsidwa nyumbayo patapita zaka zingapo dziko litalandira ufulu mu 1964. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba litayamba kugulitsa nyumba za boma ndi za makhonsolo kwa amene ankakhalamo, atate anaigula. Ndimakumbukira tsiku limene anabwera ndi mapepala ake. Anaima pakati pa balaza, n'kumenya pansi ndi chidendene kawiri, osanena kanthu.

Chimene chinatha pansipo si mukusi ayi, ndi phula. Phula likakalamba limauma, n'kumaphwanyika, n'kusiya kugwira. Kuwonjezera apo, paipi ya kubafa inkadontha m'kati mwa khoma ife osadziwa. Madzi analowa kunsi kwa matabwa, matabwawo anafufuma n'kuyamba kukankhana, mpaka ena anatukuka. Chilimwe chikafika ankauma n'kusiya mipata, m'mipatamo n'kumalowa mchenga. Adzukulu a amayi anazolowera kuzula timatabwa togwedera n'kumamangira nyumba zamasewera.

Loweruka lotsatira ndinakwera basi kupita ku Kabwe nditakonzekera mfundo zanga. Mfundo yaikulu inali chikumbutso. Pafupi ndi zenera la pabalaza panali chipsera chakuda, pamene khala linagwera kuchoka pambaula usiku wina wa July magetsi atazima. Amene analowetsa mbaulayo m'nyumba ndine, ndili ndi zaka 11, ndipo atate m'malo mondikwapula anandiuza kuti ndiziyang'ana chipseracho tsiku lililonse mpaka ndiphunzire. Pakona panali timaenje tinayi pamene miyendo ya mpando wawo inadya thabwa. Pakati penipeni ndi pamene panagona bokosi lawo usiku wotsiriza, azimayi a kumpingo atakhala pansi molizungulira, akuimba mpaka m'bandakucha. Ndinati kuzula zonsezi n'kufafaniza atate m'nyumba yawo yomwe.

Mlongo wanga anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati: "Alongo, inu mumabwera katatu pachaka. Mumavula nsapato pakhomo, n'kuyamikira kuti pansi pakuwala ngati kale. Munayamba mwafunsapo kuti amawalitsa ndani?"

Ndinalibe yankho. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo ine m'nyumba imene ndinakuliramo ndinali nditasanduka mlendo osazindikira. Pansi pamtundu umenewu sipakolopedwa ndi madzi ambiri ngati pa simenti. Pamafuna kusesa bwinobwino, kupaka polishi wa Cobra utagwada, kudikira kuti aume, kenako kukwecha ndi bulashi ndi nsanza mpaka thukuta. M'nyumba mwathu ntchito imeneyi inali ya Loweruka lililonse. Amayi anaigwira zaka zoposa 30, mawondo atawakana inagwera mlongo wanga. Ine ndinagwirako pang'ono ndili mnyamata, n'kuiwala.

Nditaganizira bwino ndinaona chinthu china chimene sichinandisangalatse. Amene anasankha kuyala matabwa otere m'nyumba za boma ankadziwa kuti sadzagwada okha. M'nyumba za azungu za ku Northern Rhodesia munkakhala antchito achikuda, ambiri mwa iwo amuna, ena ochokera kwathu kum'mawa ndi ku Nyasaland. Kukongola kwa pansipo kunadalira kuti pali munthu wina amene nthawi yake ndi yotsika mtengo. Azungu atachoka, ntchitoyo sinachoke nawo. Inangosamukira pa mawondo a akazi a m'banja, amene salandira ngakhale malipiro ochepa aja. Ndiye pamene ndinkati ndikuteteza ulemu wa atate, ndinkapempha kuti chikumbutso changa achilipire mlongo wanga ndi msana wake, amayi n'kuchilipira ndi chiuno chawo. Munthu akhoza kukonda zakale moona mtima, komabe n'kukhala wodzikonda m'chikondi chomwecho, ngati katundu wake akusenzetsa wina.

Amayi anali chete nthawi yonseyi, dzanja lotupa lili pamiyendo. Atalankhula anayamba ndi ine. "A Phiri, atate anu sali m'matabwa. Ine ndinakulira m'nyumba yozira. Pansi tinkazira ndi mtsiro, pakang'ambika tinkaziranso, mwina mwezi usanathe. Palibe ankalira kuti mtsiro wa agogo wakwiririka. Ndipo kale kwathu munthu akamwalira nyumba yake ankaigwetsa, amoyo n'kumanga ina. Mudzi wonse unkasamuka, kumbuyo n'kutsala bwinja, koma anthu ake sanaiwale makolo awo. Inu ana asukulu ndi amene mumafuna chinthu chogwirika kuti mukumbukire."

Mawu amenewa anandichotsera pobisala. Ndinkaganiza kuti ine ndiye wosunga mwambo, mlongo wanga n'kukhala wothamangira zamakono. Koma mwambo umene amayi anakuliramo sunkamangirira akufa pa zipangizo za nyumba. Unkawasunga m'maina opatsidwa kwa ana, m'nkhani za madzulo, m'kulima manda ndi m'khalidwe la otsala. Pansi pa nyumba yozira panali patsopano nthawi zonse chifukwa panali munthu wopasamala, ndipo nyumba yosiya kuziridwa aliyense ankadziwa kuti yasowa mwini. Usiku umenewo ndinavomera kuti ngongole imene ndinkati tili nayo kwa atate kunalibe. Ndinauza mlongo wanga kuti aitane wa matailosi.

Wa matailosi anabwera Lolemba, mnyamata wachangu, tepi ili m'manja. Atayeza zipinda anakankha kathabwa kamodzi ndi nsapato n'kunena kuti zinyalala zonsezo adzatichotsera ulere. Mayi wina woyandikana nafe, amene anaika matailosi chaka chapitacho, anatiuza kuti ake anasonkhezera moto kuseri kwa nyumba, ndipo anayaka nthawi yaitali ngakhale utsi wa phula unali woipa. Apa mtima wanga unakananso. Ndinadzikayikira, poganiza kuti mwina ndi kuuma mutu komwe kuja kwabwerera njira ina. Komabe ndinapempha masiku awiri, n'kukafunafuna kalipentala wina wachikulire amene anthu anati amadziwa ntchito ya matabwa apansi.

Mkuluyo anatola kathabwa kakuda bii ndi polishi wa zaka zambiri, n'kukapala ndi tchizulo kangapo. M'kati munatuluka mtengo wofiira, wouma bwino, wopanda bowo ngakhale limodzi. Anandipatsa kuti ndimve kulemera kwake. "Bambo," anatero, "mtengo uwu mutaufuna lero, mtengo wake simungauthe." Anafotokoza kuti thabwa lotere ndi mtengo kuyambira pamwamba mpaka pansi, choncho likakalamba umangopala pang'ono pamwamba n'kukhalanso latsopano, ndipo ungatero kangapo. Zoyala pansi zambiri za m'masitolo zimene zimaoneka ngati matabwa, zimene amati laminate, ndi utuchi woumbidwa womatidwa chithunzi cha mtengo pamwamba. Madzi akalowa zimafufuma, ndipo sizipalidwa. Anachenjezanso kuti matailosi onyezimira amaterera akanyowa, ndi ozizira m'miyezi ya June ndi July, ndiponso kuti nkhalamba ikagwerapo fupa silichedwa kuthyoka.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ndinali nditasakaniza ngongole ziwiri. Yoyamba, ya chikumbutso, amayi anali ataithetsa. Yachiwiri inalibe chochita ndi banja lathu. Mukusi umakula pang'onopang'ono kwambiri, moti mtengo woti n'kuchekamo matabwa umafuna zaka zoposa za moyo wa munthu mmodzi. Mitengo imene inatuluka matabwa athu inamera agogo a agogo athu ali moyo. Anaigwetsa ndi anthu, akugwira ntchito yakalavulagaga pamchenga wotentha, pa malipiro a m'nthawi ya atsamunda. Nkhalango zimenezo zinachepa ndi kudula, moto wolusa ndi kutsegula minda, ndipo mukusi subwerera msanga pamene wapsa kapena kudulidwa. Zimene zinachitika kumeneko ine sindingazibweze. Chimene chinali m'manja mwanga n'chakuti mtengo umene unadulidwa kale upitirize kugwira ntchito, kapena uthere pamoto tsiku limodzi, ife n'kukagula chinthu china chimene chinafunanso dothi, moto wa ng'anjo ndi mafuta a galimoto kuti chifike ku Kabwe.

Timakonda kunena kuti "tisinthe," ngati kuti chakale chikachoka chatsopano chimalowa m'malo mwake ndendende. Pa zinthu zambiri zimenezi n'zoona. Ndowa ikabooka umagula ina. Koma pali zinthu zina zimene kupangidwa kwake kunatenga nthawi imene ifeyo tilibe, ndipo munthu akakhala nazo amakhala ngati wosungitsidwa katundu. Ali ndi ufulu wozisuntha, wozigulitsa, ngakhale wozipereka kwa wina. Ufulu wozisandutsa phulusa chifukwa choti zamutopetsa ndi umene ndimaukayikira.

Kuti nditsimikize kuti sindikudzinamiza, ndinadzifunsa mafunso awiri. Loyamba: matabwawa atati apite kukayalidwa m'nyumba ya munthu wosamudziwa, kumene palibe adzadziwe za chipsera cha mbaula, kodi mtima wanga ungakhale pansi? Ndinapeza kuti inde, ungakhale pansi, kusiyana ndi kuwaona akuyaka. Ndiye kuti nkhaniyi sinalinso ya ine ndi ubwana wanga. Lachiwiri linali lowawa: kodi ndili wokonzeka kulipira ndekha, ndi ndalama zanga, masiku anga a tchuthi ndi mawondo anga? Pamenepa ndi pamene zolankhula zambiri zokoma za kusunga zakale zimagwera. Tonse timafuna nyumba zakale, mitengo yakale ndi miyambo yakale zikhalepo, bola wina azisamale.

Ndinabwerera kwa mlongo wanga ndi pempho, osati chigamulo. Ndinati pakolido ndi podyera, pamene madzi amafika kawirikawiri ndiponso pamene amayi amadutsa usiku, tiike matailosi okhakhala, osaterera. Pabalaza ndi kuchipinda kwa amayi tiyalenso matabwa omwewo, koma omatidwa ndi guluu wamakono ndi kupakidwa vanishi, kuti polishi atheretu. Ndalama zopitirira pa mtengo wa matailosi ndilipira ine, ndipo ntchito yopala phula ndidzagwira nawo. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali. "Vanishiyo akadzayamba kusupuka, adzabwere ndani?" Ndinati ine. Anati, "Amayi, mwamva nokha."

Tinadikira mvula ithe, n'kuyamba mu August. Tinazula matabwa onse, pulambala anakonza paipi ija, ndipo pansi tinapasiya milungu itatu kuti paume. Kenako inafika ntchito imene sindidzaiwala: kupala phula kunsi ndi m'mbali mwa kathabwa kalikonse, kamodzikamodzi. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, ine, kalipentala uja, mnyamata wake ndi adzukulu awiri, aliyense ndi chopalira chake. Phula linkamata m'zikhadabo, madzulo n'kumalichotsa ndi parafini. Pofika tsiku lachitatu msana unali ukundipweteka moti ndinkadzuka mogwira khoma. Mlongo wanga ankadutsa ndi tiyi osanena kanthu, koma nkhope yake inkanena zonse. Pa matabwa oposa 4,000 aja, osweka kapena opindika ndi madzi sanafike 500. Tinayalanso okwanira zipinda ziwiri zija, tinasunga ochepa okonzera mtsogolo, otsalawo anatenga kalipentala kuti akakonzere nyumba zina za m'tauni momwemo zimene zili ndi vuto ngati lathu.

Sindinganene kuti zonse zinatha mokoma. Ntchitoyo inatenga milungu isanu ndi umodzi, amayi akugona m'kachipinda kakumbuyo pakati pa mipando younjikidwa, ndipo kawiri konse anandifunsa ngati matailosi sakanatha kale. Ndalama zinapitirira zimene ndinawerengera. Chinanso, zizindikiro zonse zimene ndinayamba kumenyera nkhondo zinapita. Kathabwa ka chipsera ndinali nditakaika padera pazenera, koma mdzukulu wina pofuna kuthandiza anakabwezera pamulu. Kanayalidwa pena pake, makina opalira anadutsapo, ndipo lero sindidziwa kuti kali pati. Timaenje ta mpando wa atate tinatheranso momwemo. Tsiku limene makinawo anamaliza ndinaima pakhomo la pabalaza, ndikuyang'ana pansi pofiira, posalala, pokongola kuposa mmene ndinapaonerapo, ndipo misozi inalengeza. Kunali ngati kufika pamudzi umene wasamuka: anthu ndi omwewo, koma njira zonse zimene mapazi ako ankazidziwa zasintha.

Pa funso limene ndinayamba nalo, pamene ndafika ndi apa. Munthu wamoyo amene akupunthwa amaposa chinthu chilichonse chimene akupunthwapo, ndipo ndikanachita bwino kumvera mlongo wanga pamene ananena koyamba, amayi asanagwe. Kuchedwa kwanga kukanatha kuwathyola chiuno, ndipo pa msinkhu wawo ambiri sadzukanso bwino. Chinthu chakale sichingatilamule kuti chikhale pomwe chili, kapena kuti chioneke monga chinkaonekera. Chimene chingatipemphe n'chakuti tisanachitche chinyalala tichitembenuze, tione ngati chatha ndi icho kapena ndi phula lokha. Ndipo amene akuumirira kuti chisungidwe, ayambe ndiye kugwada. Lonjezo langa la vanishi silinayesedwebe. Kalipentala anati pabalaza padzafunika kupakanso pakapita zaka zingapo, ndipo mlongo wanga analemba chaka chimene tinamaliza ntchitoyo kuseri kwa chitseko cha kabati, pamene ndingachione ndikamatenga kapu.

Pa Khirisimasi ndinagona pabalaza chifukwa nyumba inadzaza. Pakati pausiku ndinamva ndodo ya amayi. Kuchipinda kwawo inkamveka mogonthera pathabwa, itafika pakolido inayamba kulira mokweza pa matailosi. Mlongo wanga anaitana ali m'chipinda mwake, osadzuka n'komwe: "Amayi, mukupita kubafa? Yatsani getsi." M'mawa ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji. Anati kuyambira pamene tinakonza, amadziwa pamene amayi afika pongomva kulira kwa ndodo, ndipo akamva kuti yabwereranso pathabwa ndi pamene iye amagonanso.